Ejenti Saona Chida, Amaona Mawu: Mmene Tingayesere Malongosoledwe a Zida za AI

  Ena mwa inu si ntchito yanu kulemba mapulogalamu koma mwabwerabe. Nkhaniyi ikukukhudzani, chifukwa ndalama zimene zingasochere zinthu zikalakwika ndi zanu, ndipo uthenga umene ungapite kolakwika ndi wanu.

Nkhani yanga lero ndi ya timawu tochepa, nthawi zina chiganizo chimodzi, nthawi zina kandime, timene wolemba pulogalamu amalemba pofotokozera AI za chida chimene waipatsa. Ambiri timawu timeneti amatilemba pomalizira penipeni, atatopa, maganizo ali kale kunyumba. Ine ndabwera kudzanena kuti ntchito yonse ikhoza kuyenda kapena kuwonongeka chifukwa cha timawu timeneti, ndiponso kuti pali njira yodziwira ngati talemba bwino kapena ayi.

Tiyambe tagwirizana pa zimene tikunena. Ambiri muno munachezapo ndi ChatGPT, Claude kapena Gemini. Mumalemba funso, yankho n'kubwera. Pamenepo AI ikungolankhula basi. Koma mu Juni 2023 kampani ya OpenAI inatsegula njira yoti wolemba pulogalamu azitha kuuza modelo, kutanthauza AI imene ikuyankhayo, kuti, "Zida zilipo ndi izi, ukachifuna china chiitane." Chida chikhoza kukhala chofufuzira pa intaneti, chotsegulira fayilo, choonera ndalama zotsala mu akaunti, kapena chotumizira uthenga. Modelo ikapatsidwa zida, n'kumasankha yokha chogwiritsa ntchito, kuona zotsatira, kusankhanso china, mpaka ntchito itatha, timaitcha ejenti. Mu Novembala 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, mwachidule MCP, imene ndi ndondomeko imodzi yolumikizira zida ku ejenti aliyense. Mu 2025 OpenAI ndi Google nawo anaivomereza. Zotsatira zake n'zakuti lero wina aliyense, kaya ali ku San Francisco kaya ku Zomba, akhoza kulemba chida, anthu osawadziwa n'kuchilumikiza ku ejenti wawo.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa zonse zimene ndinene zatsamira pamenepa. Chida chikafika kwa ejenti, iye amaona zinthu zitatu: dzina la chida, malongosoledwe ake, ndi ndandanda ya zimene ayenera kulowetsamo, yolembedwa m'kalembedwe kotchedwa JSON Schema. Mizere mazanamazana ya pulogalamu imene munasowera nayo tulo ija, iye saiona. Zimene munakambirana mu ofesi, sanamve. Ejenti saona chida, amaona mawu. Ndibwereza: ejenti saona chida, amaona mawu.

Taganizirani mayi ali pakhomo, poto ali pamoto, anyezi wadulidwa kale. Auza mwana wawo kuti, "Thamanga ukagule mafuta." Mwanayo safunsa, amabwera ndi ophikira, chifukwa wauona potoyo. Tsono mawu omwewo alembedwe pa kapepala, apatsidwe mlendo amene wafika kumene, sanalowe kukhitchini, ndipo alibe foni yoti afunsire ali kugolosale. Agula ati? Ophikira, odzola, a nyale? Munthuyo ndi wanzeru ndithu, kuwerenga amatha, koma akhoza kubwera ndi botolo la palafini, ndipo mlandu si wake. Ejenti ndiye mlendo ameneyu. Inu olemba chida ndinu mayi aja, amene poto mukumuona nthawi zonse mpaka kuiwala kuti ena sakumuona.

Ndili ndi mfundo zisanu. Yoyamba, kuyesa ngati malongosoledwe akunena zokwanira. Yachiwiri, kuyesa chida chili pakati pa zinzake. Yachitatu, imene ndikhalitsepo, kuyesa poona zochita za ejenti. Yachinayi, kuyesa ngati mawu akugwirizana ndi zimene chida chimachitadi. Yachisanu, kuyesa malongosoledwe olembedwa ndi anthu ena.

Mfundo yoyamba: kodi malongosoledwe akunena zokwanira?

Tiyeni tione chida chimodzi pafupi. Tinene kuti mukupanga ejenti wothandiza makasitomala pa nkhani za ndalama za pafoni. Chida mwachitcha "tumiza". Malongosoledwe ake mwalemba kuti, "Chimatumiza ndalama." Zolowetsa ndi ziwiri: "nambala" ndi "ndalama". Inu mukawerenga mukuona kuti zonse zili bwino. Tsono valani nsapato za mlendo uja. Nambala yanji, ya foni kapena ya akaunti? Ngati ndi ya foni, iyambe ndi 0 kapena +265? Ndalamazo zilembedwe m'makwacha kapena m'matambala? Musaseke, funsoli ndi lenileni. Njira zambiri zolipirira pa intaneti zimawerengera ndalama m'kagawo kakang'ono kwambiri, kotero kuti wolemba 5000 akuganiza K5,000 akhoza kutumiza K50 yokha. Nanga kwacha yake iti? Wamalonda wa ku Mchinji amene amagula katundu ku Chipata amadziwa kuti kwacha zilipo ziwiri, ya Malawi imene chizindikiro chake ndi MWK ndi ya Zambia imene ndi ZMW, ndipo mphamvu zake n'zosiyana kutalitali. Ndalama zikapita kolakwika zimabwezeka? Chida chikachedwa kuyankha, ejenti atumizenso kapena adikire?

Mafunso onsewa alibe yankho m'mawu awiri aja. Ndipo vuto la ejenti ndi lakuti nthawi zambiri saima kuti afunse. Amaganizira yankho looneka lomveka n'kupitiriza molimba mtima. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma apa phulalo amadya ndi kasitomala.

Tsono imvani malongosoledwe a chida chomwecho atalembedwa ndi munthu amene wakumbukira mlendo uja: "Chimatumiza ndalama kuchokera mu akaunti ya kasitomala amene ukulankhula naye kupita ku nambala ya foni ya ku Malawi. Chigwiritse ntchito pokhapokha kasitomala atatsimikiza nambala ndi kuchuluka kwa ndalama. Ndalama zikapita, chida chino sichingazibweze. Usalipirire nacho mabilu a madzi kapena magetsi. Pa zimenezo pali chida cha lipira_bilu. Nambala iyambe ndi +265, yopanda 0 wakutsogolo. Ndalama zilembedwe m'makwacha athunthu a Malawi, osati matambala. Zikatheka, chimabweza nambala ya risiti ndi ndalama zotsala. Chikachedwa kuyankha usatumizenso. Yamba waona ndi chida cha ona_zotumizidwa ngati ndalamazo zapita kale."

Mwamva kusiyana kwake. Achiwiriwa akunena chimene chida chimachita, nthawi yochigwiritsa ntchito, nthawi yosachigwiritsa ntchito, kalembedwe ka zolowetsa, chimene chimabweza, ndi chochita zinthu zikavuta. Pa zonsezi, chimene olemba ambiri amaiwala ndi chachitatucho: nthawi yosachigwiritsa ntchito. Timakonda kutamanda chida chathu ndi zimene chimatha, osanena pamene chimalekezera.

Malangizo a Anthropic kwa olemba mapulogalamu amati malongosoledwe a chida asachepere ziganizo 3 kapena 4, ndipo zichuluke ngati chida n'chovuta. A OpenAI nawo amapereka muyeso wosavuta: mutapereka zimene mwapatsa modelo kwa wophunzira ntchito amene wangoyamba kumene, osamuuza china chilichonse, angachigwiritse ntchito chidacho molondola? Muyeso umenewu mukhoza kuuchita lero lomwe popanda kulipira khobidi. Sindikizani malongosoledwe, mupatse mnzanu amene sanaonepo pulogalamuyo, inu mukhale chete. Funso lililonse limene afunse ndi chiganizo chimene chikusowa.

Ndionjezereko za madeti, chifukwa amasokoneza anthu ambiri. Kuno tikalemba 03/04/2025 timatanthauza pa 3 Epulo. Ku America omwewo ndi pa 4 Malichi. Modelo yawerenga zolemba za mitundu yonse iwiri, ndiye singadziwe kuti inu ndinu a mbali iti. Lembani poyera kuti deti liyambe ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 2025-04-03, ndipo chitsanzocho muchiike m'malongosoledwemo.

Mfundo yachiwiri: chida sichiyesedwa chili chokha.

Ejenti salandira chida chimodzi. Amalandira zonse pamodzi, n'kusankha. Malongosoledwe akhoza kukhala omveka bwino mukawawerenga paokha, koma n'kusokoneza akaikidwa pafupi ndi ena. Mnzanu analemba "fufuza_kasitomala", inu mwalemba "peza_kasitomala". China chimafufuza ndi dzina, china ndi nambala ya akaunti, koma palibe analemba zimenezo. Ejenti adzangotola chimodzi, lero ichi, mawa icho. Mapanga awiri avumbwitsa. Choncho poyesa, yalani malongosoledwe onse pa tebulo limodzi, mufunse pa zida ziwiri zilizonse zofananirako kuti: kodi pali chiganizo chimene chikunena kusiyana kwake? Ngati inu nomwe mukukanika kunena kusiyanako, ziphatikizeni zikhale chimodzi. Maina nawo athandize: zida za banki ziyambe ndi mawu amodzi, za mauthenga ziyambe ndi ena, ndipo cholowetsa chisangotchedwa "nambala" pamene mukanatha kuchitcha "nambala_ya_foni".

Kuchuluka kwa zida nakonso n'vuto. Malongosoledwe onse amawerengedwa ndi modelo pa ntchito iliyonse, ndipo mawu alionse amadya malo ndi ndalama. A OpenAI amalangiza kuti zida zimene modelo ikuona pa nthawi imodzi zisafike 20. Ndiye pamene ndikuti lembani zokwanira, sindikunena kuti lembani buku. Chiganizo chilichonse chiyankhe funso limene mlendo uja akanafunsa. Chosayankha funso lililonse chichoke.

Mfundo yachitatu: yesani poona zochita za ejenti.

Zonse zimene ndanena mpaka pano ndi kuyesa ndi maso. N'kofunika, koma n'kosakwanira. Wolemba sangakhale woweruza wa zolemba zake, chifukwa mutu wake umadzaza mipata yonse iye osazindikira. Malongosoledwe abwino si amene akoma kuwerenga. Malongosoledwe abwino ndi amene achititsa ejenti kusankha chida choyenera, kulowetsa zoyenera, ndi kusiya pamene ayenera kusiya. Umboni wake uli m'zochita, ndipo zochitazo ziyenera kuonedwa.

Ndiye timatani? Timasonkhanitsa ntchito zenizeni, zofanana ndi zimene anthu adzabwere nazo. Apa ambiri amadzinamiza. Amalemba mayeso ofewa, monga "Tumiza K5,000 ku nambala yakuti." Ejenti akakhoza amaomba m'manja. Koma munthu weniweni salankhula choncho. Amati, "Mayi anga akuti ndalama ndinawatumizira dzana zija sizinafike, tandionereni, ngati sizinapite mutumizenso." M'chiganizo chimenechi ejenti ayenera kuwerengera kuti dzana linali deti lanji, kutsegula mbiri ya zotumizidwa, kupeza yolondola, kuona ngati inatheka, ndipo ngati inatheka, asatumizenso. Mayeso oterewa ndi amene amavumbula pamene malongosoledwe ali ndi chibowo.

Pa ntchito iliyonse lembani pasadakhale chimene chiyenera kuoneka pamapeto. Ndipo musayese ndi zimene ejenti wanena. Ejenti akhoza kulemba mwaulemu kuti, "Ndatumiza, zonse zili bwino," pamene sanatumize kapena watumiza kawiri. Pitani mukaone m'kaundula wa ndalama. Mu 2024 kampani ya Sierra inatulutsa mayeso otchedwa tau-bench, oyesa ejenti pa ntchito za sitolo ndi za kampani ya ndege. Iwo amayerekeza mmene detabesi ilili pamapeto ndi mmene inayenera kukhalira. Anapeza kuti GPT-4o, imene inali m'gulu la mamodelo amphamvu kwambiri nthawi imeneyo, inkakhoza ntchito zosakwana theka. Chinanso chimene anachita, chimene ndikufuna muchitengere, ndi kubwereza ntchito imodzi kangapo. Pa ntchito za sitolo, mwayi woti modeloyo ikhoze ntchito yomweyo maulendo 8 onse unali wosakwana 25 peresenti. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti kukhoza kamodzi si umboni. Modelo siyankha chimodzimodzi nthawi zonse. Mukasintha malongosoledwe, n'kuyesa kamodzi, n'kuona zatheka, simunadziwe kanthu. Bwerezani.

M'mayeso anu muikemonso ntchito zimene palibe chida choyenera. Kasitomala afunse za ngongole pamene ejenti alibe chida cha ngongole. Wabwino anene kuti sangathe. Woipa adzagwira chida chapafupi n'kuchikakamiza. Ofufuza a ku yunivesite ya California ku Berkeley, amene amayendetsa Berkeley Function Calling Leaderboard, anaika gawo lapadera loyesa zimenezi, ngati modelo imatha kudziletsa pamene zida zimene ili nazo sizikukhudzana ndi funso. Malongosoledwe otambalala kwambiri, onena kuti chida "chimathandiza pa nkhani za ndalama", amagwa pa mayeso amenewa, chifukwa amaitana ejenti pa chilichonse.

Werengani manambala: ntchito zingati zatheka, zida zaitanidwa kangati, kangati chida chakana chifukwa cholowetsa n'cholakwika, nthawi ndi ndalama zapita zingati. Nambala iliyonse imaloza kwinakwake. Ngati chida chikukana kawirikawiri pa cholowetsa chimodzi, malongosoledwe a cholowetsacho ndi osamveka. Ngati ejenti akuitana chida chimodzi mobwerezabwereza, mwina chikubweza zochepa kapena sanauzidwe kuti akhoza kupempha zambiri nthawi imodzi. Ngati pali chida chimene sichikuitanidwa n'komwe, dzina lake kapena chiganizo chake choyamba sichikunena ntchito yake.

Koma manambala okha sakwanira. Khalani pansi muwerenge mbiri yonse ya zimene ejenti anachita, kuyambira funso, chida chimene anaitana, zimene analowetsa, yankho limene analandira, mpaka mapeto. Ntchitoyi ndi yotopetsa, ndipo ambiri amaithawa n'kungodalira chidule. Kandimverere anakanena za m'maluwa. A Anthropic anafotokoza mu 2025 kuti pamene ankakonza chida chofufuzira pa intaneti, anaona kuti Claude ankaonjezera chaka cha 2025 pa mawu ofufuzira popanda chifukwa, zimene zinkapotoza zotsatira. Anakonza posintha malongosoledwe a chidacho. Cholakwika chotere sichikuwa. Chida sichinakane, pulogalamu sinagwe, yankho linkabwera. Chimaoneka kwa munthu yekhayo amene wayang'ana zimene ejenti akulowetsa.

Mukapeza vuto, sinthani chinthu chimodzi, muyesenso. Mukasintha zisanu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza ndi chimene chawononga. Ndipo ntchito zina za mayeso muziike padera, musaziyang'ane pokonza. Mukapanda kutero mudzalemba malongosoledwe ongoloweza mayeso anu, okhoza bwino mu ofesi koma olephera akakumana ndi anthu. Mukasintha modelo, yesaninso zonse, chifukwa mawu amene modelo ina inawamva bwino, ina ikhoza kuwamva mwina.

Pali chinthu chimene ife a kuno tiyenera kuonjezera, chimene olemba malangizo akunja sangatikumbutse. Malongosoledwe a zida ambiri amalembedwa m'Chingerezi, koma anthu athu adzalankhula ndi ejenti m'Chichewa, kapena m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi monga timalembera pa WhatsApp. Zimenezi zayamba kale. Bungwe la Opportunity International linayambitsa Ulangizi, wothandiza alimi a ku Malawi pa WhatsApp m'Chichewa. Ntchito zoterezi zikamakula zidzafuna zida: choonera nyengo, choonera mitengo ya pamsika, chowerengera fetereza. Tsono taganizirani chida chowerengera fetereza cholembedwa kunja, cholowetsa chake n'kungoti "kukula kwa munda". Wolembayo m'mutu mwake muli mahekitala. Mlimi wathu wanena maekala. Hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.5. Ejenti akangotenga nambala ya mlimi n'kuilowetsa momwemo, mlimiyo auzidwa kugula matumba ochuluka kuwirikiza kawiri ndi theka, pa mtengo wa fetereza umene tonse tikuudziwa. Mlimi wina sanena n'komwe makilogalamu, amanena ndowa kapena ngolo. Mamodelo awerenga Chichewa chochepa kwambiri poyerekeza ndi Chingerezi, ndiye mpata wolakwitsa ndi waukulu. Mayeso anu akhale ndi mafunso olembedwa monga amalembera mlimi wa ku Dedza kapena mayi wa geni wa ku Ndirande, ndi zidule zake zomwe. Mukayesa m'Chingerezi chokha, mwayesa ejenti wa anthu ena.

Mfundo yachinayi: kodi mawu akugwirizana ndi zimene chida chimachitadi?

Malongosoledwe akhoza kukhala omveka, okwanira, koma abodza. Osati chifukwa wolemba ndi wachinyengo, koma chifukwa pulogalamu inasinthidwa mwezi watha, mawu n'kutsala momwemo. Mu Sepitembala 1999 bungwe la NASA linataya chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter chitafika ku Mars. Chikalata cha mgwirizano wa mapulogalamu ake chinkanena kuti manambala a mphamvu ya injini aperekedwe m'miyeso ya metiriki. Pulogalamu ina inkawatulutsa m'mapaundi, ndipo yolandira inkawakhulupirira monga mwa chikalata. Kusiyana kwake kunali kuwirikiza pafupifupi 4.45. Chikalata chinali chomveka bwino, koma pulogalamu sinkachita zimene chikalatacho chinkanena. Olemba mapulogalamuwo anali akatswiri okhoza kufunsana. Ejenti wanu sangatsegule pulogalamu kuti atsimikize. Ejenti saona chida, amaona mawu, ndipo amawakhulupirira. Choncho tengani chiganizo chilichonse cha malongosoledwe ngati lonjezo, muchiyese. Mwalemba kuti chimabweza zotsatira zosapitirira 10? Chiitaneni muwerenge. Mwalemba kuti sichisintha kanthu? Onani detabesi isanaitanidwe ndi itaitanidwa. Ndipo pakhale lamulo pa gulu lanu kuti wosintha chida asinthenso mawu ake tsiku lomwelo.

Pamenepa ndinenenso kuti si vuto lililonse limatha ndi kuonjezera mawu. Mu Disembala 2024 a Anthropic analemba kuti pokonza ejenti wawo wa mayeso a SWE-bench, amene amafuna kukonza zolakwika zenizeni m'mapulogalamu a pa GitHub, anathera nthawi yambiri pa zida kuposa pa malangizo aakulu a ejentiyo. Anaona kuti modelo inkasochera ikapatsidwa ufulu wolemba njira yachidule ya fayilo itachoka mu foda yoyambira. Sanangolemba chenjezo. Anasintha chida kuti chizifuna njira yonse ya fayilo kuyambira kumutu, ndipo vutolo linatha. Ku mafakitale a ku Japan, katswiri Shigeo Shingo, amene anagwira ntchito ndi Toyota, anaphunzitsa zomwezi: konza chipangizo kuti cholakwika chikanike kuchitika. Ngati cholowetsa chili ndi mayankho atatu okha ovomerezeka, aikeni atatuwo mu JSON Schema, ejenti asankhepo, m'malo molemba ndime yomuchonderera. Mukaona kuti mwalemba "osaiwala" katatu pa chinthu chimodzi ndipo ejenti akuiwalabe, vuto lili m'chida.

Uthenga umene chida chimabweza chikakana nawonso ndi gawo la malongosoledwe, ndipo uyesedwe. "Error 400" suthandiza aliyense. Ejenti adzabwereza zomwezo kapena kugwa ulesi. Koma uthenga woti, "Nambala iyenera kuyamba ndi +265, wayamba ndi 0," umamubweza panjira nthawi yomweyo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Poyesa, lowetsani dala zolakwika, muwerenge zimene chida chikuyankha, kenako muone ngati ejenti akudzikonza pa ulendo wachiwiri.

Mfundo yachisanu, yomaliza: malongosoledwe olembedwa ndi anthu ena.

Mpaka pano ndalankhula ngati kuti wolemba aliyense ali ndi mtima wabwino. Si onse. Popeza ejenti amakhulupirira mawu a chida, munthu woipa akhoza kubisa malamulo ake m'mawu omwewo. Mu Epulo 2025 ofufuza a Invariant Labs, kampani ya ku Zurich, anaonetsa zimenezi poyera. Analemba chida chooneka chosalakwa, chongophatikiza manambala awiri. Koma m'malongosoledwe ake anaikamo malangizo ouza ejenti kuti asanaphatikize, atsegule mafayilo achinsinsi a pa kompyuta ya mwini wake, kuphatikizapo makiyi a SSH olowera m'maseva, awatumize kudzera m'cholowetsa china chapambali, ndipo asamuuze mwiniwakeyo. Ejenti anamvera. Munthu pa sikirini ankangoona dzina la chida ndi yankho la samu. Anachenjezanso za njira ina: seva ya MCP, imene imapereka zida kwa ejenti, ikhoza kukupatsani malongosoledwe abwino tsiku loyamba, inu n'kuvomereza, kenako n'kuwasintha mwakachetechete.

MCP ili ndi zizindikiro zimene wolemba chida amaika zonena kuti chida ichi chimangowerenga, kapena kuti chikhoza kufufuta zinthu. N'zothandiza. Koma ndondomeko ya MCP yomweyo imachenjeza kuti zizindikirozi zisakhulupiriridwe pokhapokha zitachokera ku seva yodalirika, chifukwa woziika ndi mwini chida yemweyo.

Ndiye musanalumikize seva ya munthu wina ku ejenti amene ali ndi mwayi wofika ku mafayilo anu, maimelo anu kapena ndalama za makasitomala anu, tsegulani malongosoledwe onse, athunthu, monga mmene modelo idzawaonere, osati chidule cha pa sikirini. Muwerenge ndi funso limodzi m'mutu: kodi mawuwa akufotokoza chida, kapena akulamula ejenti kuchita zina zosakhudzana ndi chidacho? Chida cha samu chilibe chifukwa chotchulira mafayilo. Chida cha nyengo chilibe chifukwa chonenera mmene maimelo azitumizidwira. Mawu alionse oti "usamuuze mwini wake" ndi okwanira kuchikana chidacho. Sungani kope ya malongosoledwe amene munavomereza, pulogalamu yanu iziyerekeza nthawi iliyonse ikamalumikiza, ndipo ikapeza kusintha iime mpaka munthu ataona. Pa zida zotumiza ndalama, zofufuta, kapena zotulutsa uthenga kunja, munthu azivomereza asanachite, ataonetsedwa zonse zimene ejenti walowetsa.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mumagwira ntchito m'magulu aang'ono, anthu awiri kapena atatu, bandulo ya intaneti ikuwerengedwa, ndipo kuyendetsa mayeso mazana kumadya ndalama zakunja zimene n'zovuta kupeza. Musadikire kuti mukhale ndi zambiri. Ntchito 20 zolembedwa mosamala, zochokera m'mafunso enieni a anthu, zina m'Chichewa, zina zopanda chida choyenera, iliyonse yoyendetsedwa kangapo, zidzakuonetsani zibowo zikuluzikulu. Nthawi iliyonse ejenti akalakwitsa ali pa ntchito, funso limenelo muliike m'gulu la mayeso, kuti mukadzasinthanso mawu mudziwe ngati vutolo labwerera.

Ndiima pano kuti tipeze nthawi ya mafunso. Amene mwabwera ndi laputopu ndipo muli ndi chida chimene mukulemba, bwerani nacho kutsogolo kuno tikamaliza. Tidzawerenga malongosoledwe ake mokweza, mwini wake ali chete, ena onse n'kumafunsa.